Phunziro la Khofi wa ku Misuku kwa Alimi a Petauke ndi Nyimba

Alimi ambiri a m'maboma a Petauke ndi Nyimba akamva za mtengo wa khofi kumaiko akunja, amafunsa cifukwa cake mbewu imeneyi siilimidwa kwao. Khofi wa mtundu wa Arabica amakonda malo okwera ndi ozizira, ndipo kutentha kwa ku Nyimba ndi m'cigwa ca Luangwa sikungamlole kubereka bwino. M'Zambia muno minda yaikulu ya khofi iri kumpoto, monga ku Kateshi pafupi ndi Kasama. Komabe njira imene alimi ang'onoang'ono a kumapiri a ku Malawi amasamalira ndi kugulitsira khofi wao iyenera kuphunziridwa ndi mlimi aliyense wa nshawa.

M'mapiri a Misuku, m'boma la Chitipa, ndiponso ku Phoka ndi ku Viphya, mabanja amalima khofi pa timinda tating'ono. Kale malonda ao anali m'manja mwa bungwe la boma lochedwa Smallholder Coffee Authority, limene silinathe kuyendetsa bwino nchitoyo. M'caka ca 1999 nchitoyo inaperekedwa kwa alimi eni ake, ndipo mu 2007 makoparetivi ao analumikizana pansi pa bungwe limodzi, Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union.

Mtengo wa khofi umabala patapita zaka ngati 3, motero mwini wake amaphunzira msanga kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pokolola amathyola zipatso zofiira zokha, zaziwisi nazisiya kuti zipse. Tsiku lomwelo amazitengera kumakina a gulu kumene zimasendedwa, kutsukidwa ndi kuyanikidwa pa thandala, osati pansi. Pambuyo pake akatswiri amalawa khofiyo ndi kumpatsa malikisi. Amene wafika pa 80 mwa 100 amawerengedwa kukhala khofi wapadera, ndipo ogula akunja amamlipira mtengo woposa wa khofi wamba. Mlimi mmodzi sangagule makina otere, ndipo sangadzaze galimoto yopita kudoko. Izi zimatheka cifukwa ca gulu.

Petauke ndi Nyimba nawonso ali ndi mbewu imene inabukitsa Cigawo ca Kum'mawa. Nshawa za Chalimbana, zazikulu ndi zokoma, zinali kutumizidwa ku Ulaya zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Lero alimi ambiri amagulitsa nshawa zao pa meda kwa amalonda oyendayenda ndi sikelo m'midzi, zazikulu ndi zofwapa pamodzi. Ena amawaza madzi pa makoko kuti asende mosavuta, kapena kuti thumba lileme. Cinyontho cimeneco cimabweretsa cuku cimene ciri ndi poizoni woononga ciwindi, ndipo maiko a ku Ulaya amakana nshawa zotere. Thumba limodzi loola limagwetsa mtengo wa mudzi wonse, pakuti wogula sadziwa mwini wake.

Apa ndi pamene makoparetivi ayenera kudzifunsa. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, ndipo boma la 1991 litalowa, malonda a mbewu anasiyidwa m'manja mwa amalonda. Kuyambira 2002, pamene boma linayamba thandizo la feteleza wotsika mtengo, makoparetivi ambiri akhala akubadwa kuti mamembala alandire matumba basi. Amakumana mvula ikayandikira, koma nthawi yokolola mlimi aliyense amalimbana yekha ndi mwini sikelo. Gulu lotere silingakweze mtengo wa mbewu.

Ena adzanena kuti mlimi sangadikire gulu pamene mwana wabwezedwa kusukulu, ndiponso kuti atsogoleri ena anadya ndalama za anzao. Madandaulo amenewa ndi oona. Koparetivi yoyenda bwino iyenera kupereka malipiro oyamba tsiku limene mlimi wabweretsa mbewu, ndi otsala katundu akagulitsidwa. Mabuku a ndalama awerengedwe poyera pamsonkhano wa caka ndi caka, ndipo amai, amene amagwira nchito yaikulu m'minda ya nshawa, akhale m'makomiti ndi kulandira malipiro m'dzina lao.

Ogula mbewu yosamalidwa bwino alipo. Bungwe la COMACO limagula nshawa kwa magulu a alimi m'Cigawo ca Kum'mawa ndi kupanga ciponde cogulitsidwa m'masitolo a ku Lusaka. Cofunika ndi cakuti koparetivi iriyonse igwirizane pa mtundu umodzi wa mbewu, iumitse nshawa mokwanira zisanasendedwe, isankhule zoola, ndipo ikhale ndi sikelo yakeyake yoyesedwa ndi boma. Mafumu ndi alangizi a zaulimi angathandize kuti malamulo amenewa akhazikitsidwe pamisonkhano ya m'midzi nyengo yokolola isanafike, popeza mutu umodzi susenza denga.