NYUMBA YA ASAYANSI PANSI PA NYANJA: KODI ALIPIRE NDANI?

PAMENE boma la United States linalengeza m'caka ca 2012 kuti lileka kupereka ndalama zoyendetsera nyumba ya Aquarius, ambiri anayesa kuti kwatha. Nyumbayo inapulumuka, koma njira imene inapulumukira ndiyo yofunika kuilingalira.

Aquarius ndi nyumba yacitsulo yokula ngati basi, imene inamangidwa mu 1986 ndi kuikidwa mu 1993 pansi pa nyanja ya mcere, mamita 19 kuya kwake, pafupi ndi Key Largo m'cigawo ca Florida. M'nyumbamo mugona anthu asanu ndi mmodzi, kawirikawiri kwa masiku khumi. Phindu lake ndi ili: munthu womira kucokera m'bwato ayenera kukwera msanga, popeza mpweya umene ulowa m'magazi ake pansi pa madzi ungathe kumpweteka ngati acedwa. Koma wogona pansi pomwepo agwira nchito maola ambiri pa tsiku, ndipo thupi lake lizolowezedwanso mpweya wa kumtunda kamodzi kokha, pa tsiku lobwerera. Motero asayansi aphunzira za makorale, miyala yomangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja, pa masiku ocepa zimene zikadawatengera miyezi.

Bvuto ndi lakuti madzi a mcere sapuma. Dzimbiri lidya citsulo usana ndi usiku, makina a mpweya ndi magetsi afuna kukonzedwa, ndiponso amisiri ndi oyendetsa mabwato ayenera kulandira malipiro ngakhale pa miyezi imene m'nyumbamo mulibe munthu. Ndalama zimenezi zinali kucokera ku bungwe la boma la NOAA, ndipo yunivesite ya North Carolina ku Wilmington ndiyo inali kuyang'anira nchito.

Mu 2013 yunivesite ya Florida International inatenga udindowo, ndipo kuyambira pomwepo nyumbayo inayenera kudalira mphatso za anthu olemera ndi malipiro a oibwereka. Mmodzi wa obwereka akale ndi bungwe la NASA, limene linayamba mu 2001 kuphunzitsiramo anthu ake opita m'mlengalenga. Mu 2014 Bambo Fabien Cousteau anakhalamo masiku 31 mothandizidwa ndi makampani, monga a Nokia ndi a Doxa opanga mawochi, pamodzi ndi akatswiri a mayunivesite angapo. Anapyola ndi tsiku limodzi masiku 30 amene gulu la agogo ao linakhala pansi pa nyanja, ndipo tsiku limodzilo ndilo linakopa atolankhani koposa zonse zimene asayansi anapima.

Mbiri ya agogowo, a Jacques Cousteau, iphunzitsa zambiri pa nkhaniyi. Mudzi wao wa pansi pa madzi wochedwa Conshelf II unamangidwa mu 1963 m'nyanja ya Red Sea, kufupi ndi gombe la Sudan, ndipo gawo la ndalama zake linacokera ku makampani a mafuta a ku France. Makampaniwo sanali kufuna kudziwa za nsomba ai. Anali kufuna kuona ngati munthu angagwire nchito pa citsime ca mafuta pansi pa nyanja, ndipo mu 1965 amuna asanu ndi mmodzi a mu Conshelf III, mamita 100 pansi pa madzi kufupi ndi Nice, anayesedwa pa nchito yomweyo. Yankho litapezeka, Conshelf yacinai sinamangidwe.

Sikuti ndalama za makampani ndi zoipa. Popanda izo nyumba zina sizikadamizidwa konse. Koma kampani ilipirira ulendo umodzi wooneka bwino pa zithunzi, kapena funso limodzi lokhudza malonda ake, pamene wofuna kudziwa cifukwa cake makorale akufa ayenera kupima malo amodzimodzi caka ndi caka, kwa zaka makumi awiri kapena atatu. Palibe wotsatsa malonda amene akondwera kulemba dzina lake pa nchito yopala dzimbiri. Nazonso sukulu zazikulu zili ndi akatswiri ndi ophunzira, koma thumba lao lomwelo lidalira boma ndi opatsa mphatso.

Funso limeneli lakula cifukwa ca Proteus, nyumba ina yaikulu kwambiri imene Bambo Fabien Cousteau analengeza mu 2020 kuti idzamangidwa pafupi ndi cisumbu ca Curaçao. Mtengo umene unachulidwa ndi madola 135 miliyoni, woyembekezedwa makamaka kwa makampani, opatsa mphatso ndi mayunivesite obwereka malo. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo lonjezo la wothandiza likhalabe fodya wa pacala kufikira ndalama zitalowa. Mu 2023 bungwe la NOAA linasaina pangano logwirizana ndi eni Proteus pa za kafukufuku, zaka khumi ndi cimodzi kucokera pamene boma lomwelo linaona kuti Aquarius, yocepa kutalitali, ili yodula.