Phungu, Sikelo ndi Zitsulo Zakutha

Malonda a zitsulo zakutha savuta kuyamba. Chofunika ndi sikelo yokoleka pamtengo, matumba angapo ndi ndalama zapamanja. M'misika ya mumsewu wa M14, wochoka ku Lilongwe kudzera pa Mvera kutsetserekera ku Salima, wogula amalandira chilichonse cholemera: khasu loduka msuka, felemu ya njinga, mpoto wobooka, batire ya galimoto yakufa. Amagula pa kilogalamu, ndipo mkuwa ndi aluminiyamu zimadula kuposa chitsulo wamba. Mulu ukakula lole imadzanyamula, ulendo wa kwa ogula akuluakulu m'tauni, omwe amasungunula kapena kutumiza kunja.

Sikeloyo siifunsa komwe chitsulo chachokera. Ndiye m'matumba omwewo mumalowanso zikwangwani za pamsewu, zitsulo zotchinga m'mphepete mwa milatho, mawaya a m'thiransifoma ndi mabawuti a njanji ya Salima ndi Lilongwe, ija idamangidwa ndi thandizo la Canada m'zaka za m'ma 1970. Kumudzi chopweteka koposa ndi mjigo. Mjigo wa Afridev, womwe uli ponseponse m'Dowa ndi Ntchisi, udachokera ku mjigo wa Maldev wopangidwa m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo adaukonza dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuumasula okha ndi sipanala imodzi. Wakuba naye sipanala ali nayo. Kukacha pamatsala simenti ndi paipi yoyasama, amayi n'kutembenuka ndi zidebe zawo kulunjika kudambo, komiti ya mjigo n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama. Zomwe wakubayo walandira pasikelo sizingagule ngakhale theka la zomwe wazula.

Nkhani yotere ndi ya Nyumba ya Malamulo, komatu phungu akaimirira kunena za zitsulo zakutha, omvera pawailesi ambiri amangoti bwanayu wasowa chonena. Phungu amayezedwa ndi mabokosi a maliro omwe wagula, galimoto yomwe wabwereketsa, ndi milatho ya thumba la chitukuko la CDF lomwe lidayamba mu 2006. Zolankhula zake zonse zimalembedwa mu Hansard, koma pamsonkhano wa kampeni palibe amafika ndi Hansard m'manja kudzamufunsa kuti ndime yakutiyakuti adaivomereranji. Aphungu nawo adazolowera. Nthawi ya mafunso amadandaula kuti kwawo thiransifoma adaba, nduna iyankha kuti boma laimva nkhaniyo ndipo liikonza ndalama zikapezeka, anzawo awomba matebulo, basi zathera pompo.

Chonsecho lamulo lilipo kale. Second-Hand and Scrap Metal Dealers Act ndi lamulo la m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mutu wake ndi woti wogula zitsulo azidziwika ku boma komanso azilemba zomwe wagula. Amene adaonapo kaundula pafupi ndi sikelo ya pansi pa mtengo ndi ochepa. Mu 2024 aphungu adakhwimitsa zilango za owononga zipangizo za magetsi, zomwe n'zabwino, koma chilango chimagwira yemwe wapezeka ndi waya m'manja. Mnyamata wozula mabawuti usiku sangawadye mabawutiwo. Amazula chifukwa akudziwa kuti m'mawa alipo wolandira.

Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wogula zakuba wakhala pamkhate weniweni, chifukwa pamalonda omwewa pakudyera anthu osalakwa: osula makasu ndi nkhwangwa, okhoma mbaula ndi zidebe, owotcherera mageti ndi ngolo, oumba mapoto a aluminiyamu, ngakhalenso ana otola tizitsulo kudzala kuti apeze ya kope. Woponya chibonga mwaukali aswa mkhate, khoswe n'kuthawa ali wamoyo. Ku Kenya, Pulezidenti Uhuru Kenyatta adaletsa malonda onse a zitsulo zakutha mu January 2022, koma patangopita miyezi yowerengeka adawatsegulanso. South Africa idaimitsa kutumiza kunja zitsulo zoterezi mu November 2022 kwa miyezi 6, nthawi itatha n'kuwonjezeranso ina. Chiletso chimamveka bwino pawailesi tsiku lochilengeza, koma chikatha sikelo imabwerera pamtengo wake uja.

Ku Britain adadzera njira ina, ndipo amene adaitsogolera ndi phungu wamba, osati nduna. Kumeneko akuba ankasasula madenga a matchalitchi ndi kudula mawaya a njanji. Richard Ottaway, phungu wa Croydon South, adabweretsa bilu yakeyake yomwe idasanduka Scrap Metal Dealers Act ya 2013. Mfundo zake n'zosasangalatsa kuwerenga: wogula akhale ndi chiphaso cha khonsolo, aone chitupa cha wogulitsa ndi kulemba dzina lake, asunge kaundula, ndipo asalipire ndalama zapamanja. Mfundo yomalizayi ndiyo yoluma, poti ndalama yodzera kubanki imasiya mapazi.

Kuno kwathu zida zake zidafika kale. Chitupa cha unzika anthu ali nacho kuyambira kalembera wa 2017, ndipo Airtel Money ndi TNM Mpamba zili pamsika uliwonse. Lachinayi ku Nyumba ya Malamulo ndi tsiku la aphungu wamba, lomwe aliyense mwa iwo angabweretse mfundo kapena bilu. Chisankho cha pa 16 September 2025 chidakweza mipando kuchoka pa 193 kufika pa 229. Mwa anthu 229, mmodzi yekha wokakamira nkhani ya sikelo sangasowe.

Chomwe chimamanga ena pakamwa n'chodziwika. Gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko limafuna kuti phungu azilankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pazokambirana. Zotsatira zake, munthu wodziwa kuyala mlandu pabwalo la mfumu mpaka aliyense kugwedeza mutu akafika ku Lilongwe amangowerenga papepala monjenjemera, ndipo mayi amene mjigo wake wabedwa samva n'komwe kuti akumunenera. Amene amati Chichewa sichingakwanitse mawu a malamulo akayendere Mvera. Mishoni ya kumeneko idayambitsidwa mu 1889 ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok m'dziko la mfumu Chiwere, ndipo paphiri la Kaso pafupi pomwepo W.H. Murray ndi anzake adagwira ntchito yomasulira Buku Lopatulika. Malamulo onse a m'buku la Levitiko adalowa m'chinenerochi bwinobwino, ndiye ndime zinayi za chiphaso ndi kaundula zingakanike bwanji?

Lamulo la zitsulo zakutha lija likakonzedwanso, liyenera kulemera kwa wogula wamkulu, mwini yadi ndi lole, osati kwa mmisiri wa mbaula. Litchule poyera zinthu zosaloledwa kufika pasikelo popanda kalata ya mwini wake: zitsulo za njanji, mawaya a magetsi, zida za mjigo, zikwangwani za pamsewu. Lipatse khonsolo mphamvu yolanda chiphaso, ndipo apolisi a pa rodibuloko akhale ndi pepala loti afunse lole ya zitsulo ikafika, losonyeza komwe katunduyo wagulidwa ndi amene wamugulitsa.