Galimoto yokhala ndi bedi, ndi ana athu amene sanaonepo phiri

Ndakhala chete kwa kanthawi, netiweki ya kuno kwa Ngokwe mukuidziwa.

Tchuthi cha Pasaka chapitachi ndinali pa Liwonde kudikira minibasi ya ku Nselema kuti idzaze. Pafilingi sitesheni panaima galimoto ya nambala ya ku South Africa, muli bambo ndi mayi achikulire ndithu. Ine ndi chidwi changa chija ndinakawapatsa moni, ndipo anandionetsa m'kati. Abale! Muli bedi, mbaula ya gasi, kafiriji, thanki ya madzi, padenga pali sola. Anati agona ku Zomba paphiri, akulowera ku Cape Maclear, kenako Nkhata Bay mpaka ku Nyika. Pomwe dzuwa lawalowera ndi pomwe pali kwawo. Ku America galimoto zotere amazitcha RV.

Ndinawafunsa chifukwa chake anasankha Epulo. Anati mvula yatha, dziko likadali lobiriwira, kutentha kwachepa. Kwawo ndi chiyambi cha nyengo yoyoyoka masamba, kwa ife ndi masika.

M'minibasi monse mtima unandiwawa. Anthu achokera kutali kudzaona mapiri ndi nyanja yathu, pomwe ine m'kalasi la Fomu 3 ndimajambula rift valley ndi choko kwa ana amene ambiri sanadutsepo pa Ntaja. Nyanja imene amaidziwa ndi Chiuta yathuyi, yosaya, ya mabango. Ndikawauza kuti Nyanja ya Malawi malo ena ndi yozama mamita pafupifupi 700 amangolemba m'kope, ngati ndikunena za ku mwezi.

Maganizo anga ndi awa: sukulu iliyonse ya kuno izitenga ana a Fomu 3 ulendo wa kunyanja ndi kuphiri chaka chilichonse, patchuthi cha masika, ndipo tibere nzeru ya anthu a galimoto aja. Chimene chimapha maulendo athu mu staff room ndi mtengo wa malo ogona ndi chakudya. Iwo aja ananyamula zonse ziwiri. Nafenso tili nazo: mphasa, bulangete, neti ya udzudzu, mapoto a sukulu, ufa, mpunga, nyemba ndi matemba. Bedi lathu ndi kalasi ya sukulu inzathu. Kodi a Head a ku Monkey Bay angakane kutibwereka makalasi awiri patchuthi, ife titalonjeza kuti ana awo akadzafuna kuona Chiuta adzagona kwathu? Sindikukhulupirira.

Njira yake ndaiyenda kale m'mutu kangapo. Kuchoka kuno kufika pa Nselema, kukwera tala wopita ku Namwera, kenako kutsetsereka mapiri aja kulowera ku Mangochi. Pamtsetse umenewo ndi pamene pali phunziro lonse. Imitsani basi pamalo abwino, ana atsike, aone chigwa chili pansi, mtsinje wa Shire ukutuluka m'Nyanja ya Malawi kukalowa mu Malombe. Zimene ndimavutika nazo milungu iwiri pabolodi, pamenepo mwana amazigwira m'mphindi khumi. Pa Mangochi a History ali ndi chawo: nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndi mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven. Ku Cape Maclear kuli manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875, malungo n'kuwasamutsira ku Bandawe mu 1881. Komweko ndi ku Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha tinsomba ta mbuna. A Biology, mwana akaona mbuna za mitundumitundu pakati pa miyala, mutu wa evolution simudzaubwerezanso katatu.

Pobwerera tidzere ku Ulongwe, tiwoloke Shire pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, tikagone ku Zomba. M'mawa tikwere Ku Chawe. Phiri la Zomba pamwamba penipeni limapitirira mamita 2,000, ndiye mwana amene dzulo lake amatuluka thukuta kunyanja adzapempha juzi. Palibe njira ina yabwino yomuphunzitsira kuti ukamakwera m'mwamba kumazizira. Pa Emperor's View, pamene anaimapo Haile Selassie mu 1965, kukakhala kowala umaona Nyanja ya Chilwa ndi Mulanje kutali uko. Mulanje yemweyo, wa Sapitwa wa mamita 3,002, amene UNESCO inamulemba mu 2025, tingamusiyire chaka china. Masiku anayi akwana.

N'chifukwa chiyani ndikuumirira masika? Ambiri timakonda kuganiza za ulendo mu Okutobala, temu yoyamba itangoyamba. Nthawi imeneyo ku Mangochi kumatentha koopsa, utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri moti pamwamba pa Zomba suona patali, mathithi a Williams amakhala atachepa madzi, ndipo m'makomo chakudya chayamba kuthina. Januwale ndi Febuluwale musanene n'komwe, msewu wathu wopita ku Nselema mukudziwa zomwe umachita ndi matope, ndipo Malichi sitimukhulupiriranso chichitikireni Freddy mu 2023. Juni ndi Julayi ndi mayeso, kunyanja mwera wakalipa. Kumatsala Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi. Komanso ndi nthawi imene kholo losowa ndalama lingathe kupereka ndowa ya chimanga kapena mpunga ukayamba kucha, ife n'kugulitsa kuti tipeze za mafuta.

Ndikudziwa zimene ena munene, chifukwa mwandiuza kale. Mafuta adula. Zoona, ndipo basi yahayala ndiye ndalama yaikulu pa ulendo wonse. Koma ndalama zimenezi zisonkhedwe kuyambira temu yoyamba pang'onopang'ono, kudzera ku PTA, zilembedwe poyera pabolodi. Ndinaonapo pasukulu ina ndalama za ulendo zitasowa m'manja mwa mphunzitsi, ndipo makolo a kumeneko mpaka lero ukati "ulendo" amakuyang'ana ndi diso lina.

Pali zinthu ziwiri zimene sindingagonjepo. Choyamba, ana asakwere lole. Ndikudziwa kuti ndi yotchipa, ndipo tonse tinakwerapo popita ku mpira, koma mtsetse wa ku Namwera si malo oyeserapo mabuleki ana makumi asanu ali kumbuyo. Ngati ndalama za basi yabwino sizinakwane, tichepetse masiku. Chachiwiri, atsikana. Popanda aphunzitsi aakazi awiri ndi mayi mmodzi wa mother group ogona nawo m'kalasi limodzi, ulendo usakhalepo. Makolo a kuno sangalole mwana wamkazi kukagona kutali, ndipo akulondola, mpaka titawaonetsa amene akamuyang'anire. Tikapanda kutero tidzanyamula anyamata okhaokha. Za kusamba m'nyanja nazo tisamale: ana a ku Chiuta amadziyesa akatswiri, koma uko kuli mafunde, kulinso likodzo.

Inu ana anga akale amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, apa ndi pamene ndikukufunani. Sindikupempha zambiri. Mmodzi alipirire mpando wa mwana mmodzi wamasiye. Wina amene ali ndi mnzake wa basi atinenerere mtengo. Ndipo ngati pali mphunzitsi wa ku Monkey Bay kapena ku Zomba amene akuwerenga izi, ndilembereni pansipa, ndikufuna ndikapite ku msonkhano wa PTA wa temu ino ndili ndi mayina a sukulu ziwiri zotilandira m'manja.