Kudzuwa anapitako ndani?

Pabwalo la bawo pamamveka nkhani zamitundumitundu, koma sabata yathayi panatuluka kamawu kamene kamukhala pamtima mlembi wa danga lino. Mnyamata wina wa Folomu 4, yemwe amadikira kuti bambo ake amalize masewero, anayerekeza kuuza akuluakulu kuti dzuwa si moto ngati wa nkhuni, koma ndi chimpira cha mpweya wotentha, ndipo gawo lalikulu la mpweyawo ndi hydrogen. Mkulu wina, maso ali pa nkhomo zake, anangoti: "Iwe mwana, anapitako ndani?" Bwalo lonse linafa nalo phwete. Mnyamatayo anapisa manja m'thumba n'kukhala chete.

Funso limeneli ndi lotchipa kuposa fodya wa chingambwe, ndipo ndi lomwe anthu ambiri amatsekera nkhani iliyonse imene yawapitirira. Wofunsayo amaoneka wanzeru popanda kutuluka thukuta, pamene wofunsidwayo amasanduka chitsiru ngakhale akunena zoona. Owerenga onse analimvapo, m'minibasi, pamaliro, ngakhale m'chipinda cha aphunzitsi.

Mkulu wa pabawoyu ali ndi mnzake wophunzira kwambiri. Mu 1835, Auguste Comte, katswiri wa nzeru zakuya wa ku France, pofuna kupereka chitsanzo cha zinthu zimene munthu sadzazidziwa mpaka kalekale, anasankha nyenyezi. Iye anati anthu angathe kuyeza mtunda wa nyenyezi ndi kayendedwe kake, koma zimene zili m'kati mwake ayi, poti palibe angakatape kachidutswa kake n'kubwera nako. Comte anamwalira mu 1857. Patangopita zaka ziwiri, mfundo yake inagwa chagada. Chomvetsa chisoni n'chakuti umboni womutsutsa unalipo kale pamene iye ankalemba, kungoti panalibe wodziwa kuuwerenga.

Anaupeza umboniwo anali Joseph von Fraunhofer wa ku Bavaria, mwana wamasiye amene anakulira pa ntchito yopala magalasi. Kuyambira nthawi ya Isaac Newton zinkadziwika kuti kuwala kwa dzuwa kukadutsa pa galasi la ngodya zitatu kumamwazikana n'kukhala mitundu ya utawaleza. Mu 1814, Fraunhofer analowetsa kuwalako pa kampata kakang'ono zedi, n'kuyang'ana utawalezawo ndi makina okulitsa zinthu. Anaona kuti unali wodukizadukiza ndi timizere takuda, tina tonenepa, tina toonda ngati tsitsi. Mngelezi wina, William Wollaston, anali ataonapo timizere towerengeka mu 1802, koma anatiyesa malire a mitundu n'kupitirira. Fraunhofer anakhala pansi, nawerenga timizere 574, ndipo tikuluikulu anatipatsa zilembo. Anaonanso kuti nyenyezi zina zowala kwambiri zili ndi mizere yosiyana ndi ya dzuwa. Anamwalira mu 1826 ali ndi zaka 39 osadziwa tanthauzo la zimene anaonazo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu mlembi amaukonda mwina mopitirira muyeso, koma pankhani ya nyenyezi palibe wina woupambana.

Tanthauzo la timizere tija mayi aliyense wophika pambaula analionapo ndi maso ake. Ndiwo zikasefukira, msuzi wamchere n'kudonthera pa makala, lawi limasanduka lachikasu kwambiri kwa kamphindi. Ana oyatsa nthambo zakale za kopa kudzala amaona lawi lobiriwira. Chikasucho chimachokera ku sodium wa mumchere, ndipo chobiriwiracho ndi cha kopa. Ku Heidelberg, m'dziko la Germany, Robert Bunsen (yemwe uja wa kachitofu ka m'malabu a kusekondale) ndi Gustav Kirchhoff anayamba kutentha zinthu zosiyanasiyana n'kumadutsitsa kuwala kwake pa galasi lija. Anapeza kuti chinthu chilichonse chikatenthedwa chimatulutsa mizere yakeyake yowala, pamalo omwewomwewo nthawi zonse. Sodium amatulutsa mizere iwiri yachikasu yogundizana, ndipo imagwera ndendende pamene Fraunhofer anaona mzere wakuda umene anautcha D.

Mu 1859 Kirchhoff anamasula mfundoyo. M'kati mwa dzuwa mumatuluka kuwala kwa mitundu yonse, koma kuti kutuluke kunja kumadutsa mu mpweya wa pamwamba umene ndi wozizirirapo. Chinthu chilichonse chimene chili mu mpweyawo chimameza mitundu yomweyo imene chikanatulutsa chikanakhala pamoto, n'kusiya mpata wakuda. Choncho mzere wa D ukunena kuti padzuwa pali sodium, yemweyu wa mumchere wa pansika. Mizere ina yambirimbiri inagwirizana ndi chitsulo, ina calcium, ina hydrogen. Palibe anakwera kupita kumwamba. Kuwala kumayenda kokha makilomita 150 miliyoni, kumafika pakhomo pa munthu m'mphindi zisanu ndi zitatu ndi timasekondi pang'ono, katundu yense wa umboni ali kumutu.

Wina anganene kuti akatswiriwo ankangoona zimene ankafuna kuona. Nkhani ya helium ndiyo imatseka pakamwa. Pa 18 Ogasiti 1868 kunachitika kadamsana amene anaoneka bwino ku India, ndipo akatswiri angapo, kuphatikizapo Jules Janssen wa ku France yemwe anali ku Guntur, anaunika malawi a m'mphepete mwa dzuwa. Mu Okutobala chaka chomwecho, Norman Lockyer ku England anaona m'malawi omwewo mzere wachikasu pafupi ndi mizere ya sodium ija, koma osagwera pamalo ake. Utayerekezedwa ndi zinthu zonse zodziwika pa nthawiyo, sunagwirizane ndi chilichonse. Lockyer analimba mtima n'kunena kuti ichi ndi chinthu chatsopano, ndipo ambiri anamuseka. Mu 1895, patatha zaka 27, William Ramsay anatulutsa mpweya mu mwala wina wokhala ndi uranium, ndipo atauyeza, mzere uja unaonekera pamalo pake penipeni. Mpweya umene lero amapopera m'mabaluni a paukwati, komanso kuziziritsira makina a MRI m'zipatala zikuluzikulu, unayamba wapezeka kudzuwa usanapezeke pansi pano.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza chilonda chakale cha mlembi, chomwe ndi khalidwe lotsekereza ana pakamwa chifukwa choti ndi ana.

Kufikira m'ma 1920, akatswiri ankakhulupirira kuti dzuwa ndi nyenyezi zinapangidwa ndi zinthu zofanana ndi dziko lapansi, makamaka chitsulo ndi za m'miyala, popeza mizere ya chitsulo ndiyo inkachuluka. Pa yunivesite ya Harvard ku America panali gulu la amayi olipidwa ndalama zochepa amene ntchito yawo inali kuyang'ana zithunzi za utawaleza wa nyenyezi tsiku lonse. Mmodzi mwa iwo, Annie Jump Cannon, anasanja m'magulu nyenyezi zoposa 225,000 za m'kaundula wotchedwa Henry Draper Catalogue, imodziimodzi ndi maso. Kudekha kwa mtundu umenewo nkhono yomwe ingagonje. Mu 1923 kunafika mtsikana wochokera ku England, Cecilia Payne, yemwe anamaliza maphunziro ku Cambridge koma osapatsidwa digiri, chifukwa yunivesiteyo inayamba kupereka madigiri kwa akazi mu 1948.

Payne anatenga masamu a Meghnad Saha wa ku India, osonyeza mmene kutentha kumasinthira mizere imene chinthu chimaonetsa. Aliyense woyang'ana kumwamba usiku wa Januwale kopanda mitambo angaone chimene chinkamuvutitsa. Mbali imodzi ya Akamwiniatsatana kuli nyenyezi yofiirira, Betelgeuse, ndipo mbali inayo kuli yoyera mobiriwira, Rigel. Yofiirayo pamwamba pake ndi pa madigiri pafupifupi 3,500, inayo imapitirira 10,000, pamene dzuwa lili pa 5,500. Mu 1925 Payne anaonetsa kuti kusiyana kwa mizere ya nyenyezi zoterezi kumadza chifukwa cha kutentha, koma zopangira zake n'zofanana pafupifupi zonse, ndipo hydrogen ndi helium ndizo zachuluka kutalitali.

Henry Norris Russell wa ku Princeton, yemwe mawu ake anali lamulo pa nkhani za nyenyezi ku America, anamulembera kuti zimenezo n'zosatheka. Mtsikanayo, pofuna digiri yake, anasiya manambalawo m'buku koma n'kuwonjezera mawu oti mwina si enieni. Mu 1929 Russell yemweyo, atadzera njira ina, anapeza yankho lomwelo. Kunena chilungamo, anamutchula Payne m'zolemba zake, koma kwa zaka zambiri ulemu unkapita kwa bwanayo. Payne anadzakhala pulofesa wathunthu pa Harvard mu 1956. Lero zimadziwika kuti pa kulemera kwa dzuwa, pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi hydrogen, pafupifupi gawo limodzi ndi helium, ndipo zina zonse, chitsulo, kaboni, okosijeni ndi sodium yemwe, sizikwana magawo awiri pa 100. Mwana wa Folomu 4 uja ankanena zoona.

Yankho limeneli linatsegula khomo lina. Dzuwa likanakhala mulu wa malasha, likanazima m'zaka zikwi zowerengeka, koma lakhala likuwala kwa zaka pafupifupi 4.6 biliyoni. Mu 1920 Arthur Eddington anaona kuti muyezo wa Francis Aston ukusonyeza chinthu chachilendo: maatomu anayi a hydrogen amalemera pang'ono kuposa atomu imodzi ya helium, kusiyana kwake kosakwana gawo limodzi pa 100. Anaganiza kuti ngati pakatikati pa dzuwa hydrogen akuphatikizana n'kukhala helium, kotsalako kamasanduka mphamvu, monga mwa masamu a Albert Einstein. Hans Bethe analongosola ndondomeko yake mu 1939, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1967. Pakati pa dzuwa pamatentha madigiri 15 miliyoni, ndipo sekondi iliyonse matani pafupifupi 600 miliyoni a hydrogen amasanduka helium, matani 4 miliyoni mwa amenewo n'kutuluka ngati kuwala ndi kutentha. Nyenyezi zikuluzikulu zimapitiriza, helium kukhala kaboni ndi okosijeni, mpaka kukafika pa chitsulo, pomwe kuphatikizako kumaleka kupereka mphamvu.

Umboni woti nyenyezi zimasuladi zinthu zatsopano unabweranso kudzera m'mizere. Mu 1952 Paul Merrill, ku California, anapeza mizere ya technetium mu nyenyezi zina zofiira zokalamba. Technetium sakhalitsa: ngakhale mtundu wake wolimba kwambiri umatha ndi theka pa zaka pafupifupi 4 miliyoni. Nyenyezi ya zaka mabiliyoni singakhale naye wobadwa naye. Inamupanga yokha, ndipo chaposachedwa.

Tsono mlandu wa mkulu wa pabawo ndi wochepa. Waukulu uli ndi mmene sayansi imaphunzitsidwira m'masukulu ambiri: choko, bolodi, kuloweza, mayeso. Mwana amauzidwa kuti dzuwa ndi hydrogen monga amauzidwira dzina la likulu la dziko, osamuonetsa mmene anthu anadziwira. Akakumana ndi funso lachipongwe alibe chogwira, chifukwa naye anangomva. Aphunzitsi amadandaula kuti alibe zipangizo, ndipo nthawi zambiri n'zoona, koma pankhani iyi dandaulolo silikwanira.

Katoni ya sopo, lumo ndi CD yakale yokandika n'zokwana. Mbali imodzi ya katoni achekepo kampata koonda, m'katimo aikemo CD mopendekeka, pamwamba aboolepo posuzumira. Akaloza ku kandulo, ana adzaona utawaleza wosadukiza. Akaloza ku babu la energy saver, adzaona mizere yowala yotalikirana. Akawaza mchere pa lawi la kandulo lija, mzere wachikasu udzatulukira pamaso pawo. Dzuwa lenilenilo asaliloze, limaononga maso. Mtambo woyera kapena pepala loyanikidwa padzuwa zimakwana. Aphunzitsi a Physics ndi Chemistry, teremu ino isanathe pangani kabokosi kameneka, ndipo mwana aliyense asuzumiremo yekha.