“Sizikugwira” si dandaulo: mamodi a Kerbal Space Program ndi luso lofotokoza vuto

Pa mawu onse amene anthu opanga mamodi a gemu ya Kerbal Space Program amalandira, palibe otopetsa kuposa akuti “sizikugwira”. Amabwera m'ziyankhulo zosiyanasiyana, koma nkhani yake imakhala imodzimodzi: munthu wawonjezera zinthu makumi angapo mu gemu yake, chombo chaphulika chisanadzuke kapena kompyuta yangouma gwa, ndiye akufuna kuti wina wokhala kutsidya kwa nyanja, amene sadaionepo kompyutayo, alote chimene chalakwika. Kukonza mamodi kumaoneka ngati ntchito ya akatswiri a makompyuta okhaokha, koma gawo lalikulu la ntchitoyi ndi la chiyankhulo. Wopempha thandizo ali ndi ngongole yake yoti abweze, ndipo ngongoleyo ndi kufotokoza bwino.

Gemuyi idapangidwa ndi kampani ya Squad ya mumzinda wa Mexico City, ndipo maganizo ake adachokera kwa Felipe Falanghe wa ku Brazil. Idatuluka koyamba mu June 2011, n'kufika pa mtundu wa 1.0 mu April 2015. Wosewera amalumikiza mainjini, matanki a mafuta ndi zipinda za oyendetsa, n'kuyesa kuulutsa roketi yake kuchoka pa dziko lopeka lotchedwa Kerbin kupita ku miyezi yake iwiri, Mun ndi Minmus, ngakhalenso kutali kuposa apo. Chimene chidaitchukitsa n'chakuti siinyengerera munthu. Roketi yolemera mopitirira siidzuka, ndipo woloza mphuno ya chombo kumwamba kokhakokha amabwerera pansi ngati mwala, pakuti kuzungulira dziko kumafuna liwiro lopita cham'mbali. Ngakhale bungwe la NASA lidagwirapo ntchito ndi opanga gemuyi mu 2014.

Mamodi ndi zowonjezera zimene osewera amadzipangira okha n'kugawana ndi anzawo, ambiri a iwo osalandira ngakhale tambala. MechJeb imayendetsa chombo m'malo mwa munthu. Kerbal Engineer Redux imawerengera ngati mafuta angakwane ulendo. Ferram Aerospace Research imasintha m'mene mpweya umakankhira mapiko ndi thupi la chombo. Real Solar System imachotsa Kerbin, amene kuchokera pakati pake kufika pamwamba ndi makilomita 600 okha, n'kuikapo Dziko Lapansi lenileni la makilomita 6,371. Kusinthaku si kwa maonekedwe chabe: chombo chozungulira Kerbin chimathamanga mamita pafupifupi 2,300 pa sekondi, pomwe chozungulira Dziko Lapansi chimafunika pafupifupi 7,800. N'chifukwa chake woika modi imeneyi amafunanso ina, monga Realism Overhaul, yosintha mainjini ndi mafuta kuti zifanane ndi zenizeni. Modi imodzi imaitana inzake, inzakeyo n'kuitananso zina zitatu. Walira mvula walira matope.

Wina angafunse kuti nkhani ya masewera ikuvutitsiranji anthu akuluakulu. Yankho lili m'mbiri ya gemuyi. Zinthu zingapo zimene lero zili mu gemu yeniyeniyo, monga kutentha kwa chombo pobwerera mumpweya, chowerengera mphamvu ya mafuta ndi wotchi yokumbutsa nthawi yoyatsa injini, osewera adayamba kuzidziwa kudzera m'mamodi. Kampani ya Take-Two Interactive idagula gemuyi mu 2017, ndipo mtundu waukulu womaliza, wa 1.12, udatuluka mu 2021. Kerbal Space Program 2 idayamba kugulitsidwa isanathe kupangidwa mu February 2023, ndipo mu 2024 ntchito ya gulu loipanga, la Intercept Games, idaima. Kuyambira pamenepo, amene akusunga moyo wa gemu yoyamba ija ndi anthu ongodzipereka, ena mpaka kukonza zolakwika za mu gemu yeniyeniyo kudzera m'modi ya KSP Community Fixes. Chuma chawo chokha ndi nthawi yamadzulo akaweruka kuntchito. Dandaulo lililonse losamveka limadya nthawi imeneyo, ndipo wodzipereka akatopa n'kusiya, palibe kampani yolemba wina m'malo mwake.

Mamodi amasemphana pa zifukwa zodziwika. Ena adalembedwera mtundu wina wa gemu: pamene mtundu wa 1.8 udatuluka mu 2019, opanga adasamukira pa Unity yatsopano, pulogalamu imene gemuyi idamangidwapo, ndipo mamodi ambiri akale adaleka kugwira mpaka eni ake atawakonzanso. Ena amadalira modi ina imene wosewera sadaike. Nthawi zina vuto limakhala la malo chabe, pakuti modi iliyonse iyenera kukhala mu foda yotchedwa GameData, koma munthu wothamanga amaika GameData ina m'kati mwa GameData, gemu n'kumafuna zithunzi ndi mafayilo kumene kulibe. Pulogalamu ya CKAN idapangidwa kuti ichepetse zoterezi poyang'ana modi yogwirizana ndi mtundu wa gemu ndi zonse zimene modiyo imadalira. Komabe CKAN imadziwa zokhazo zimene anthu adailembera.

Pofunika kudekha kwambiri ndi pa ModuleManager, modi imene mamodi ena ambirimbiri amatsamirapo. Kale, wofuna kusintha mphamvu ya injini ankalemba pamwamba pa fayilo ya gemu, ndipo wachiwiri akabwera ankafufuta ntchito ya woyamba. ModuleManager idabweretsa kachiyankhulo kakang'ono kokhala ndi malamulo ake. Chizindikiro cha @ chimatanthauza “sintha ichi”, cha + chimatanthauza “koperapo china”, cha ! chimatanthauza “chotsa”, ndipo cha % chimatanthauza “sintha ngati chilipo, panga ngati palibe”. Awa ndi aneni olamula. Palinso mawu osonyeza nthawi, ogwira ntchito ngati alumikizi: BEFORE ndi AFTER amanena kuti kusinthaku kuchitike modi yakutiyakuti isanalankhule kapena italankhula, pomwe FINAL amapempha mawu omaliza. Anthu osadziwana, a maiko osiyana, amatha kugwira ntchito pa injini imodzi popanda kupondana chifukwa adagwirizana za amene alankhule liti.

M'kachiyankhulo kameneka muli msampha umene wophunzira za ziyankhulo angauzindikire msanga. Mawu akuti NEEDS amafunsa: “Kodi modi yakuti ilipo? Ngati ilipo, chita izi.” Mawu akuti FOR salifunsa funso limenelo, amalengeza kuti “ine ndine modi yakuti”. Wolemba wachilendo, poganiza kuti FOR akutanthauza “zokomera modi yakuti”, amalemba dzina la modi ya mnzake pamenepo. Zotsatira zake n'zakuti ModuleManager imakhulupirira kuti modi ija yaikidwa pamene kulibe, ndipo mamodi ena onse amayamba kusintha zinthu pokonzekera mlendo amene sadabwere. Mainjini amafuna mafuta amene matanki alibe, zipangizo zina zimasowa, wosewera n'kukadandaula kwa munthu wosalakwa. Kompyuta siinalakwe kuwerengera. Wolakwa ndi amene adasokoneza funso ndi chilengezo.

Kusamvana kotere si kwa m'masewera mokha. Mu September 1999 chombo cha NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter chidatayika chikufika ku Mars. Pulogalamu ina inkapereka manambala a mphamvu ya injini m'miyeso ya mapaundi, pomwe yolandira inkawatenga ngati ali m'miyeso ya manyutoni, kusiyana kwake kukhala pafupifupi kanayi ndi theka. Mbali zonse ziwiri zinkawerengera mwaluso, koma nambala imodzi inkatanthauza zinthu ziwiri. Ngati akatswiri olipidwa adapunthwa pa tanthauzo, wodzipereka amene wapatsidwa mawu amodzi okha akuti “sizikugwira” angathe bwanji?

Dandaulo lothandiza silifuna digiri. Limanena mtundu wa gemu ndi mayina a mamodi onse pamodzi ndi manambala awo. Limalongosola zimene munthu adachita mwandondomeko, zimene ankayembekezera ndi zimene zidachitika. Limabwera ndi fayilo ya KSP.log kapena Player.log, kaundula amene gemu imalembamo zonse zimene ikuchita kuyambira poyatsidwa, kuphatikizapo malo amene yapunthwa. Ngati nkhani ikukhudza ModuleManager, fayilo ya ConfigCache imaonetsa m'mene chipangizo chilichonse chatsalira mamodi onse atamaliza kulankhula. Chithunzi chojambula ndi foni cha mizere isanu yofiira sichikwanira, pakuti cholakwika chooneka kumapeto nthawi zambiri chimakhala mwana wa china chimene chidachitika kale kumayambiriro.

Wodandaula angathenso kuchepetsa mtunda yekha. Akakopera foda yonse ya gemu pambali, kuti asaononge maulendo amene adasunga, amachotsa theka la mamodi n'kuyesanso, osalekanitsa modi ndi zimene imadalira. Vuto likapitirira, wolakwa ali m'theka lotsala. Likatha, ali m'theka lochotsedwa. Pogawa chonchi mobwereza, mamodi 64 amafuna mayeso 6 okha. N'zotopetsa ndithu, chifukwa gemu yodzaza mamodi imachedwa kuyaka, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Osewera ali ndi dzina loseketsa la Kraken, chilombo cha m'nthano chimene amachinamizira chombo chikang'ambika popanda chifukwa chooneka. Dzinalo ndi labwino pocheza, koma m'dandaulo lili ngati kuloza mfiti wodwala asanapimidwe malungo: limatseka kafukufuku asanayambe.

Pali otsutsa, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Amati lamulo lakuti “wopanda log sathandizidwa” lasanduka mpanda wotchingira alendo. Mwana wa zaka 13 amene wangoyamba kumene sadziwa kumene fayiloyo imakhala. Munthu amene Chingerezi si chiyankhulo chake amalemba mawu ochepa poopa kulakwitsa, osati chifukwa cha ulesi. Wogula intaneti ya bandulo sangathe kumangotsitsanso mamodi akuluakulu nthawi iliyonse wina akamuuza kuti ayambirenso. Woyankhidwa mwamwano ulendo woyamba sabweranso, ndipo gulu lopirikitsa ophunzira limakalamba lopanda olowa m'malo. Zonsezi n'zoona. Koma mankhwala ake si kuvomereza dandaulo lopanda kanthu ngati kuti n'lokwanira. Wodziwa ayenera kufunsa mwaulemu, n'kulozera mlendo pamene pali fayiloyo ndi chifukwa chake ikufunika. Mlendoyo naye abwerere ndi yankho, ndipo vuto likatha anene chimene chalithetsa, m'malo mongolemba kuti “zatheka” n'kuzimiririka, kusiya wodzavutika mawa ndi vuto lomwelo alibe pogwira. Ngongole ili mbali zonse ziwiri, koma woyamba kubweza ndi amene akufuna thandizo laulere.

Apa ndi pamene olankhula Chichewa kapena Chinyanja, kaya ali ku Lilongwe, ku Chipata, ku Tete, ku Harare kapena ku Johannesburg, sayenera kudziderera. Madandaulo ambiri a gemuyi amalembedwa m'Chingerezi, koma kusanthula vuto kumayamba m'mutu, ndipo chiyankhulo chawo chili ndi zida zonse zofunika. “Chaphulika”, “chimaphulika” ndi “chikumaphulika” ndi madandaulo atatu osiyana: loyamba likunena za kamodzi, lachiwiri za nthawi zonse, lachitatu za chizolowezi chimene chayamba posachedwa, ndipo lachitatuli limabala funso lofunika kwambiri lakuti chasintha n'chiyani masiku apitawa. “Chisanadzuke”, “chikudzuka” ndi “chitadzuka” amaika ngozi pa nthawi yake yeniyeni. “Fayilo yafufutika” sitchula wochita, pomwe “fayilo yafufutidwa” ikuvomereza kuti pali dzanja limene lagwirapo. Mayi wofotokozera dokotala za mwana wodwala, kapena dalaivala wofotokozera makaniko phokoso la injini, amagwiritsa ntchito kusiyanitsa komweku tsiku ndi tsiku. Amene wasanja nkhani yake motere m'Chichewa adzalemba dandaulo lomveka ngakhale Chingerezi chake chikhale chothyokathyoka, ndipo adzathandizidwa msanga kuposa mwini Chingerezi wolemba mawu awiri.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo ana ambiri adakula akudziwa kuti kufunsa n'kwabwino. Chimene sichiphunzitsidwa mokwanira ndi kafunsidwe. Anthu osunga mamodi a Kerbal Space Program akhala akuphunzitsana luso limeneli kwa zaka zoposa khumi, nthawi zina mokoma, nthawi zina mokalipa, chifukwa adaona kuti gemu yawo ikhalapobe pokhapokha odzipereka asatope. Wosewera amene chombo chake chaphulika usiku uno ayambe wadzifunsa kuti chaphulika liti, kangati, ndipo iye adasintha chiyani komaliza. Akatero atenge log yake, alembe zimene waona mwandondomeko, kenako agogode pakhomo la mnzake.