Tisheti si laputopu

Asisi, tiyeni tikambepo za nkhani yatchukayi yoti mtsikana aliyense aphunzire kulemba code. Ife tikugwirizana nayo ndi mtima wonse. Koma momwe ikuyendetsedwera, makamaka kwa atsikana a kumudzi ngati a kwa Chigaru, pali zina zikutiwawa, ndiye tizinena.

Choyamba tigwirizane kuti ntchitoyi ndi yotani. Mukadina *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, mndandanda umabwera uja sunagwe kumwamba. Pali munthu anakhala pansi n'kuilembera kompyuta malangizo: wina akasankha chakuti umupatse chakuti, ndalama zikaperewera umukanize, netiweki ikaduka pakati usamudule ndalama kawiri. Kulemba code n'kumeneko. Mayi wogulitsa tomato pa Lirangwe amadalira ntchito ya munthu ameneyu tsiku ndi tsiku, koma mwana wake wamkazi palibe anamuuzapo kuti imeneyi ndi ntchito yolipidwa, ndipo naye angathe kuigwira.

Amene amati izi ndi za anyamata, mbiri sakuidziwa. Ada Lovelace analemba malangizo a makina owerengera mu 1843, kompyuta yeniyeni isanapangidwe n'komwe. Kompyuta ya ENIAC ku America m'zaka za m'ma 1940 anayamba kuilembera mapulogalamu ndi amayi asanu ndi mmodzi. Gulu lomwe linalemba pulogalamu ya m'chombo cha Apollo 11, chomwe chinatera pa mwezi mu 1969, amalitsogolera ndi Margaret Hamilton. Kuno kwathu, Rachel Sibande anayambitsa mHub ku Lilongwe mu 2013, malo oyamba a mtunduwu m'dziko muno. Ndiye nkhani ya mutu tisataye nayo nthawi. Mitu tili nayo.

Chomwe chimatitopetsa ndi ichi. Kumabwera maphunziro a masiku atatu. Atsikana amasonkhanitsidwa m'kalasi, anayi pa laputopu imodzi, amalemba mizere iwiri, dzina lawo n'kuoneka pa sikirini, onse n'kuwomba m'manja. Kenako tisheti, chithunzi cha gulu, satifiketi. Madzulo malaputopu aja amapakidwa m'galimoto kubwerera ku tauni, ndipo ife pa Facebook timayika timitima pansi pa chithunzi. Nanga Lolemba lotsatira mtsikana uja ayeserera pa chiyani? Code imalowa m'mutu poilemba tsiku lililonse, kulakwitsa, kukhala ola lathunthu ukusaka kachizindikiro kamodzi komwe waiwala. Kuti munthu afike polembedwa ntchito pamapita miyezi yambiri, kwa ambiri chaka chimapitirira. Kumulawitsa mwana chinthu chokoma kenako n'kuchibisa, ife sitikutcha chitukuko.

Tatiyeni titsike pa M1 kuchokera pa Lunzu, kudutsa Lirangwe mpaka ku Mdeka, tione zomwe mtsikana wa kumeneko akulimbana nazo. Magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi muno ndi zomwe zimawunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho n'chotsika kwambiri. Chopweteka n'choti Nkula, komwe amapanga magetsi pa mtsinje wa Shire, sikutali ndi dera limeneli. Mawaya amadutsa pamwamba kupita ku Blantyre, pansi mwana akulipira kuti atchajitse foni pa golosale. Laputopu nayo, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale yakale yomwe mtengo wake ndi woti makolo olima sangaiganizire. Bandulo ya intaneti imatha vidiyo yophunzitsa isanafike pakati.

Ndiye pali nthawi, yomwe anthu saiwerengera. Mnyamata akaweruka ku sukulu, masana ndi ake. Mtsikana akaweruka, kuli mjigo, nkhuni, mbale ndi mwana wa achemwali. Foni yabwino ikakhala imodzi pakhomo, tonse tikudziwa amaigwira ndani, ndipo mtsikana akaigwiritsitsa amafunsidwa kuti akucheza ndi ndani. Maola awiri a phee tsiku lililonse, omwe ntchitoyi imafuna, kwa iye ndi nkhondo.

Masamu nawo. Kuti munthu asankhidwe kukachita za kompyuta ku MUBAS, ku MUST ku Thyolo, ku Mzuni kapena ku UNIMA, masamu a pa MSCE amayenera kukhala bwino. Mtsikana wa pa CDSS yemwe anamva ali Fomu 2 kuti masamu si a akazi, chitseko chimenecho chinatsekeka iye asanadziwe kuti chilipo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati m'sukulu za ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse. Chabwino. Koma sukulu itha kukwanitsa nambala imeneyi atsikana ataunjikana m'maphunziro ena, kalasi ya kompyuta muli atsikana owerengeka. Ife tikufuna manambala aziperekedwa kosi ndi kosi, tione.

Tisakunamizeninso, asisi. Chibwerere ChatGPT kumapeto kwa 2022, makina akutha kulemba code yosavuta pa kanthawi kochepa, ndipo wongoyamba kumene akuvutika kupeza pogwira kuposa kale. Yemwe akukulonjezani malipiro a madola pakatha milungu isanu ndi umodzi akufuna ndalama yanu ya fomu. Komabe makina aja sanakhalepo pa mzere ku chipatala cha kumudzi, sadziwa momwe banki m'khonde imagawanira ndalama pakutha pa chaka, kapena chomwe chimachitika netiweki ikathawa mlimi ali pakati polipira. Munthu womvetsa code, wotha kuona pomwe makina anama, komanso wodziwa moyo wa kuno, ntchito yake ilipobe. Ndipo tikasiya amuna okhaokha kuti azipanga mapulogalamu a zaumoyo, a ngongole ndi okanenerako nkhanza, tisadzadabwe akatuluka osatiganizira.

Kwa inu muli ndi laputopu ndi magetsi koma mukuzengereza: freeCodeCamp ndi CS50 ya ku Harvard ndi zaulere. Sankhani chilankhulo chimodzi, Python kapena JavaScript, mukhale nacho, osadumphadumpha. Phunzirani Git, ntchito zanu muziziyika pa GitHub. Pangani kanthu kenikeni, kaya kolembera ngongole za pa shopu ya amayi anu, chifukwa wolemba ntchito amafuna kuona chomwe munapanga. Mukalowa internship, dziwani kuti lamulo lomwe lija la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana pa ntchito. Bwana woti mukaonane ku loji kuti akuganizireni akuphwanya lamulo, ndipo mauthenga ake musafufute.

Kwa mabungwe obwera ndi maphunziro kwa Chigaru, ku Chileka ndi madera ena otero, mafunso athu ndi awa. Malaputopu atsala kapena abwerera? Azitchajidwa pati? Aziphunzitsa ndani inu mukapita, ndipo kwa miyezi ingati? Makolo mwakhala nawo pansi za maola a mwanayu? Ndalama ya matisheti ndi maalawansi ikanatha kugula sola ndi makina angapo okhala pa sukulu chaka chonse. Atsikana khumi ophunzira miyezi khumi ndi iwiri ife tingawasankhe kusiyana ndi mazana awiri a pa chithunzi.

Ifenso a m'tauni tisadzichotsemo. Ambiri tili ndi laputopu yakale m'kabati yomwe yangofa batire kapena kiyibodi. Ikonzetseni, mufufute zanu, muikemo maphunziro oti munthu angawerenge popanda intaneti, kenako muipereke kwa mtsikanayo makolo ake akuona, n'kunena momveka kuti ndi yake, osati ya achimwene ake. Amene mukugwira kale ntchitoyi, mutengeni mmodzi, muziona code yake Loweruka lililonse pa WhatsApp. Minibasi ya ku Lirangwe imanyamuka tsiku lililonse.