Anatiphunzitsa kuyimba, ife tawaiwala

Mlaliki 9:14-15 imanena za munthu wosauka amene anapulumutsa mudzi ndi nzeru zake, koma nkhondo itatha palibe amene anamukumbukira. Momwemonso ife akhristu timachita ndi anthu amene anatiphunzitsa kuyimba.

Lamulungu lililonse, pano pa Boma la Mulanje ndi m'mipingo ya m'minda ya tiyi, timatsegula buku la Nyimbo za Mulungu. Koma ndi angati mwa ife amadziwa kumene kunachokera solofa, zilembo za d, r, m zija zimene makolo athu ankaphunzirira maimbidwe? Njirayi anaiyamba ndi Sarah Glover, mphunzitsi wa ku Norwich ku England, pofuna kuti ana aziyimba bwino m'tchalitchi. Mbusa John Curwen (1816-1880) ndiye anaikonzanso ndi kuifalitsa, ndipo amishoni anafika nayo kwathu kuno. Chifukwa cha awiriwa, mlimi wopanda limba amatha kuwerenga nyimbo ndi kuphunzitsa mpingo wonse mawu anayi.

Ngakhale ana a dziko lino tawaiwalanso. Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula a ku Livingstonia anapeka nyimbo zachikhristu m'maimbidwe a makolo, ndipo zina zinamasuliridwa m'Chingerezi n'kumayimbidwa ku Scotland. Alendo anazitola, eniake tikuzilambalala.

Ena amati zakale zinapita, achinyamata akufuna kiyibodi ndi magitala. Nyimbo zatsopano n'zabwino ndithu, pakuti Masalmo 96 amatilimbikitsa kuziyimba. Koma onani Mfumu Hezekiya: pamene anakonzanso chipembedzo m'Kachisi, analamula Alevi kuti atamande Mulungu ndi mawu a Davide ndi Asafu, anthu amene anali atamwalira kalekale (2 Mbiri 29:30). Chitsitsimutso chake chinatunga m'chitsime chakale.

Vuto n'lakuti odziwa solofa akutha. Mkulu wa kwaya akamwalira osasiya wophunzira, maimbidwe amalowa naye m'manda, ndipo mpingo umatsala ndi mawu okha. Paja mawu a akulu amakoma akagonera, koma amagonera pokhapokha pakhale wowasunga.

Choncho abusa ndi akulu a mpingo, patulani nthawi yoti okalamba aphunzitse achinyamata, ndipo maimbidwewo alembedwe kapena kujambulidwa pa foni. Inu makolo, tsitsani buku la nyimbo lija pa alumali ndipo muyimbe ndi ana anu musanagone. Mukatero mudzakhala mutathokoza aphunzitsi aja, ndi Mulungu amene anawapatsa luso.

Ambuye akudalitseni nonse.